Chulu kapena mtumbira?

Pokonzekera phunziro la mbiri yakale, aphunzitsi amene tikuwasula amatifunsa kawirikawiri kuti milu ya dothi imene anthu akale ankaikamo akufa awo aitche chiyani m'Chinyanja. Ena amafulumira kunena kuti "chulu". Ife tikukana. Chulu n'cha chiswe; mlimi amachigumula, woumba njerwa amachikumba, ndipo palibe wowadzudzula. Mawu oyenera ndi "mtumbira". Inde, mbatata nayonso timabzala pa mitumbira, choncho tizinena kuti "mtumbira wa manda", pakuti mwana wa ku Angónia kapena ku Macanga amadziwa kale kuti pamenepo saponda.

Ku Ohio, m'dziko la United States, anthu amene akatswiri amawatcha a Hopewell anaunjika mitumbira yotere zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, akusenza dothi m'madengu. Mitembo yambiri ankaitentha, ndipo pamodzi ndi mafupa ankaika zinthu zamkuwa wochokera kunyanja ya Superior ndi mwala wakuda wonyezimira wa ku Yellowstone, mtunda woposa makilomita 2,000. Amene amapereka ulemu wotere kwa omwalira sangakhale anthu wamba. Komabe mu 1917 asilikali anamanga msasa wa Camp Sherman pamalo otchedwa Mound City, nasalaza mitumbira yambiri ngati akugumula zulu. Yambiri imene alendo amaiona lero inachita kuunjikidwanso pambuyo pake. Ku Newark, pakati pa malinga adothi a anthu omwewa, panali bwalo la gofu kwa zaka zoposa 100. Bungwe la UNESCO linadzaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2023.

Kuno ku Mozambique tili ndi lamulo nambala 10/88 loteteza chuma cha chikhalidwe, koma linalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo wokumba mchenga kapena wotsegula munda watsopano saliwerenga. Chimene chasunga misitu ya kumanda m'midzi yathu ndi mwambo umene mwana amaumva m'chinenero cha amayi ake. Phunziro liyambire pamenepo: ana afotokoze okha chifukwa chake nkhwangwa siilowa kumanda, kenako tiwauze za Ohio. Ngati akufuna kukaona malo akale a m'dera lawo, mphunzitsi ayambe wakapempha kwa amfumu, ndipo makasu atsale kunyumba.