Zomwe zimachitika pachipata cha Songwe zimafika mpaka ku Chiradzulu

Mu Malichi 2025 boma linaletsa kulowetsa m'dziko muno katundu wina wakunja, monga mkaka wosaphika, mpunga, ufa wa chimanga, mbatata ya kachewere ndi adyo. Woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa pazipata za Mwanza, Muloza, Dedza ndi Songwe ndi bungwe lotolera misonkho la MRA. Alimi a ng'ombe za mkaka kuno ku Chiradzulu anali ndi chifukwa chosangalalira, poti mkaka wakunja ukachepa, makampani amadalira wa m'mabulking gulupu athu.

Koma chipata chimatsekedwa mbali zonse ziwiri. Mu Epulo dziko la Tanzania linabwezera poletsa zokolola za ku Malawi, ndipo nduna yawo ya zaulimi panthawiyo, a Hussein Bashe, inachenjezanso kuti feteleza wochokera ku Tanzania kubwera ku Malawi aimitsidwa. Patapita masiku ochepa Tanzania inachotsa chiletsocho kuti maboma awiriwa akambirane. Chikanapitirira, feteleza akanachedwa kufika, ndipo woyamba kulira akanakhala mlimi wa munda wa ekala imodzi.

Ine ndikuona kuti chiletso chimangotipatsa mpata wopumira. Mkaka wothira madzi ukanidwabe pamalo ogulira, chipata chitseke kapena chitseguke. Nandolo wathu wopita ku India nayenso sadutsa popanda chilolezo chotumizira kunja ndi chikalata chotsimikiza kuti alibe tizilombo. Alimi otsogola, limbikitsani anzanu kuumitsa bwino nandolo, kumupeta ndi kugulitsa pagulu kwa ogula okhala ndi zikalata zoyenera.