Zikomo, Sukulu za Boma za pa Chilumba cha Mauritius

Okondedwa sukulu za boma za pa Mauritius,

Zikomo pondilandira. Ndinabwera kwanuko kudzaona mmene anzathu amaphunzitsira, ine mphunzitsi wa pulayimale wozolowera kalasi ya ana oposa 100, ndipo munanditsegulira zitseko osandifunsa zambiri. Munandikhazika kumbuyo kwa kalasi pa kampando ka mwana, mawondo kufika pachifuwa, n'kundisiya kuti ndidzionere ndekha. Ndalemba m'Chichewa kuti abale anga kuno amve nawo ngongole imene ndili nayo kwa inu.

Zikomo chifukwa cha basi ya m'mawa. Pa siteji ya ku Rose Hill ndinaona mtsikana wa yunifolomu, chikwama kumsana, akukwera. Anaonetsa kondakitala kakhadi kokhala ndi chithunzi chake, n'kukakhala pawindo. Sanapise m'thumba, kondakitalanso sanamuyang'ane ndi diso lakuti akumudyera phindu. Kuyambira 2005 ophunzira kwanuko amakwera ulere popita ndi pobwera kusukulu, ndipo boma ndilo limalipira eni mabasi. Ine ndinalipira yanga, koma ulendo wonse mtima unali kwathu, kwa atsikana a m'masekondale oyendera amene amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu chifukwa mtunda wawakanika. Tonse tikudziwa zimene zimawagwera m'tizipinda timeneto.

Ndikukumbukira buledi. Nthawi yopumula isanakwane, mitanda inali itafika kale, mwana aliyense wake. Kamnyamata kena kanang'amba wake pakati, n'kuika theka m'chikwama, mwina la mng'ono wake kunyumba. Sukulu za m'madera osauka, zimene munaziika m'ndondomeko ya ZEP mu 2003 poona kuti ana ambiri akulephera mayeso kumeneko, zimalandira chakudya choposerapo. Amene anaphunzitsapo mwana wanjala akudziwa kuti pofika 10 koloko mphunzitsi amakhala akulankhula ndi khoma.

Zikomo chifukwa cha Januwale wa 1977, pamene sekondale inakhala yaulere. Ndikamaganiza za chaka chimenecho ndimachita nanu kaso, chifukwa simunali olemera. Pansi panu palibe golide, palibe mkuwa, palibe mafuta. Munkadalira nzimbe, ndipo shuga ndiye ankabweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja. Mu 1961 katswiri wa zachuma wa ku Britain, James Meade, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel, anaona anthu akuchulukana pa kachilumba kodalira mbewu imodzi, ndipo sanaonepo tsogolo labwino. Ufulu munaulandira pa 12 Malichi 1968, ulova uli ponseponse. Pasanathe zaka 10, boma la Sir Seewoosagur Ramgoolam linanena kuti mwana wa wodula nzimbe alowe sekondale osalipira. Ambiri mwa masekondale anali a mipingo ndi a anthu wamba. Simunawatseke, koma boma linayamba kuwapatsa ndalama kuti asamalipiritse.

Ndithokozenso ana amene anakukakamizani. Mphatso ija sinagwe kumwamba. Mu Meyi 1975 ophunzira zikwizikwi ananyanyala makalasi podandaula kuti sukulu zochepa za boma zili ndi zonse pamene za ana ambiri zilibe kanthu. Pa 20 Meyi anauyatsa ulendo wa ku Port Louis, apolisi n'kuwatsekereza pa mlatho wa Grand River North West. Chisankho cha 1976 chitayandikira, lonjezo la sekondale yaulere linatuluka. Ena amati inali nyambo yokolera mavoti. Kaya inali nyambo, anadya ndi ana, ndipo palibe boma limene linabwera pambuyo n'kuyerekeza kuwalanda.

Ndithokozenso agogo awo. Malamulo a 1947 anapereka voti kwa munthu aliyense wotha kulemba mawu ochepa m'chilankhulo chilichonse cha pachilumbapo. Bambo wina dzina lake Basdeo Bissoondoyal ndi anzake ankayenda m'midzi, anthu akaweruka kumunda n'kumaphunzira kugwira cholembera madzulo. Pa chisankho cha 1948 ovota anachoka pa 12,000 osakwana n'kupitirira 70,000. Anthu amene anaona ndi maso awo kuti zilembo zimasintha olamulira savuta kuwauza kuti atumize mwana kusukulu.

Zikomo pondiphunzitsa kuti mawu akuti "ulere" ali ndi mbali zambiri. Ifenso tinachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ndipo ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kuposerapo m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizinathe kuthamanga nawo, ndipo ena a ife mpaka lero tikuphunzitsira pansi pa mtengo. Inu munayenda pang'onopang'ono, n'kumazula minga umodziumodzi m'phazi la kholo: fizi, kenako mabuku, thiransipoti, ndalama za mayeso a Cambridge, ndipo mu 2019 digiri yoyamba m'makoleji ndi mayunivesite a boma. Malo osulira aphunzitsi, Mauritius Institute of Education ku Réduit, munali mutawatsegula kale mu 1973, chigumula cha ana chisanafike. Kuyambira 2005 lamulo likuti mwana akhale pasukulu mpaka zaka 16. Lero anthu oposa 90 mwa 100 alionse kwanuko amatha kulemba ndi kuwerenga.

Zikomo chifukwa cha phokoso la zilankhulo m'makonde anu. Belu likalira, ana a kalasi imodzi amagawikana: awa ku Chihindi, awa ku Chiurdu, ena ku Chitamil, Chitelugu, Chimarathi, Chiarabu kapena Chitchaina. Ndipo mu 2012 munalola Kreol, chilankhulo chimene pafupifupi mwana aliyense amayamwira kubere, kuti chikhale phunziro la m'kalasi. Munachedwa nazo, abale anga. Kwa zaka zambiri mwana ankalota m'Kreol, kumva Chifalansa pa wailesi, n'kukalemba mayeso m'Chingerezi, ndipo amene ankagwa kwambiri anali zidzukulu za akapolo. Ena mwa akapolo amenewo anadzera ku gombe la Mozambique, Amakua, Ayao ndi ena a kumtunda kuno. Ndiye nditaona kamtsikana kakuwerenga mokweza m'chilankhulo cha amayi ake, mopanda manyazi, ndinamva ngati ndikumvera mdzukulu wa kwathu.

Sindinaiwale garaja ija. Madzulo ena mnzanga anandiperekeza kunyumba ina kumene galimoto inali panja, m'garaja muli mabenchi, ana othinana akukopera masamu, maso ali psuu ndi kutopa. Ndi patitayimu yemweyu timamudziwa kwathu, koma kwanuko anamera mizu yozama, chifukwa cha mpikisano wolimbirana masekondale otchuka ndi mwayi wokaphunzira kunja. Mayeso akale a CPE ankasefa ana a zaka 11, ndipo zaka zambiri pafupifupi mmodzi mwa atatu ankatsalira. Sindikudzudzulani kwambiri. Ndani wa ife aphunzitsi amene sanayesedwepo ndi ndalama ya madzulo mwezi ukatalika? Chimene ndinakondwa nacho n'chakuti simunabise chilonda. Mu 2017 munachotsa CPE, n'kubweretsa mayeso atsopano a PSAC ndi maphunziro a zaka 9 osadukiza. Garaja ikadalipo, koma mukukambirana za iyo poyera, m'manyuzipepala ndi m'nyumba ya malamulo.

Zikomo kwa aphunzitsi anu, amene anandigawira tiyi ndi chakudya chanu cha dholl puri m'chipinda chawo, n'kumandifunsa mmene munthu mmodzi amachongera makope 100. Sanandiseke. Mayi wina anangopukusa mutu n'kundipatsa mabuku ake akale a aphunzitsi kuti ndipite nawo, ndipo tikuwagwiritsabe ntchito.

Akuluakulu kwathu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawuwa ndinakula nawo, koma kwanuko ndinawapeza m'bajeti ya boma. Ena kuno adzati n'zosavuta kwa dziko la anthu 1.3 miliyoni osakwana, limene ungalidutse pa galimoto m'mawa umodzi. Zoona, kuchepa kumathandiza. Koma mu 1977 munali osauka, ndipo simunadikire kulemera.

Pempho langa ndi ili. Musatope ndi ana a ku Rodrigues, makilomita pafupifupi 600 kum'mawa kwanu, ndi a m'makomboni a Port Louis amene akutsalirabe m'mbuyo. Ndipo mphunzitsi wina wa ku Malawi akadzagogoda, mutsegulireni monga munachitira ndi ine. Mukamukweze basi ya m'mawa, mukamuonetsenso garaja.

Ine wanu wothokoza,
Mphunzitsi mnzanu wa ku Malawi