Asanajambule pulani, ayambe ayenda m'Matero

Pa msewu wa Monze ku Matero, mu Lusaka, pali nyumba nambala 3144. Kuyambira 1959 mpaka 1961 inali likulu la chipani cha UNIP, ndipo lero ili m'gulu la malo amene National Heritage Conservation Commission imateteza, limodzi ndi nyumba nambala 394 ya ku Chilenje imene ankakhala a Kaunda. Makoma ake ndi otetezedwa ndithu. Koma nyumba zoyandikana nayo, mabwalo ndi tinjira ta pakati, zonsezo zili m'manja mwa aliyense amene wapeza ndalama ya simenti.

Nkhani yanga lero ndi ya aphunzitsi a ku Copperbelt University ku Kitwe, ndi kwina kulikonse kumene ana athu amaphunzira kujambula mapulani a nyumba. Mwana wa kumeneko akamva za malo a mbiri yakale, mtima umathamangira ku Livingstone kapena ku Zanzibar. Matero samuwerengera n'komwe. Kwa iye komboni ndi malo ongodikira kugumulidwa.

Chonsecho Matero ali ndi chiyambi chodziwika. Lusaka itakhala likulu mu 1935, mapulani ake ankaganizira azungu ndi mabwalo awo a maluwa, munthu wakuda akuyesedwa mlendo wodzagwira ntchito n'kubwerera kumudzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 khonsolo inamanga Matero, kutali ndi Ridgeway ya azunguwo, kufupi ndi mafakitale. Tinyumbato tinali tating'ono, ndipo sindikupempha munthu kuti azitilirira. Chimene chili cha mtengo ndi zomwe anthu anachita natito: anabzala mango, anaika mbaula kuseri, anasiya bwalo loti ana azisewera ndi achibale ochokera ku Chipata azifikirapo.

Mu 1996 Pulezidenti Chiluba analamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo. Kuyambira pamenepo aliyense anasanduka mmisiri. Kuseri kunamera midadada ya lendi, kutsogolo kantemba, kuzungulira mpanda wa mabuloko. Ndani angadzudzule agogo amene penshoni yawo ndi zipinda zitatu za lendi? Ine ayi. Koma taonani zikachitika zovuta. Mwambo wathu ndi woti maliro amalirira pakhomo, amayi m'nyumba, abambo panja pa moto usiku wonse. Pa pulote imene yadzaza zipinda mpaka m'malire, tenti imakhomedwa pamsewu, mabenchi a ku tchalitchi n'kutseka njira, minibasi n'kumazungulira kwina masiku atatu. Mvula ikagwa, madzi amene kale ankalowa m'nthaka pansi pa mango amatsetsereka pa simenti kukalowa kukhitchini kwa aneba. Ndani amaphunzitsa mwana wa yunivesite kuti pulani ya nyumba ya ku Matero iyenera kusiya malo a tenti ya maliro?

Phunziro labwino lili pafupi pomwepa, ku komboni ya George. Lamulo la 1974 litavomereza kuti makomboni ena akonzedwe m'malo mogumulidwa, ntchito inayamba ndi ngongole ya World Bank. Misewu sinangojambulidwa mu ofesi. Eni komboni ndi atsogoleri awo ankayenda wapansi ndi akatswiri, kukambirana kumene msewu udutse ndi nyumba iti ichoke, ndipo amene nyumba zawo zinakhudzidwa ankapatsidwa mapulote ena chapafupi. Ntchitoyo inali ndi zolakwika zake, makamaka pa kubweza ngongole, koma anthu ambiri anatsala pamalo pawo. Ku George komweko, Ann Schlyter wa ku Sweden anayamba kuyeza nyumba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, n'kumabwerera ku nyumba zomwezo kwa zaka makumi angapo kuti aone chipinda chimene chawonjezedwa ndi chifukwa chake. Zimandiwawa pang'ono kuti kuleza mtima kotere kunachokera kutsidya kwa nyanja, ana athu ali pompano.

Ndikanakhala mphunzitsi, ndikanapatsa wophunzira aliyense msewu umodzi wa ku Matero kwa teremu yonse, kompyuta ndikanayamba ndamulanda. Atenge tepi, ayeze khoma loyambirira la khonsolo ndi zonse zowonjezera. Akhale pansi ndi amayi a pakhomo, afunse kuti, "Amayi, chipinda ichi munamanga liti, ndipo munamangira ndani?" Adzamva za mwana amene ukwati unatha, za adzukulu amasiye, za chaka chimene bambo anachotsedwa ntchito. Abwerenso mu Januwale aone kumene madzi amaima. Mayeso ake asakhale kujambula sitolo yaikulu ya magalasi. Ajambule zipinda ziwiri zowonjezera pa pulote yomweyo, mango osadulidwa, chimbudzi chofikirika ndi galimoto yopopa, mphepo ikulowa pa zenera la aneba.

Ena adzati ntchito zotere zilibe ndalama, ndipo n'zoona kuti mwini nyumba ku Matero sapita kwa katswiri wa mapulani. Amaitana mmisiri womanga amene amamudziwa, n'kujambulirana pansi ndi kamtengo. Ndiye wophunzirayo akakhale ndi mmisiri ameneyo, amuthandize kukoka chingwe cha maziko. A Zambia Institute of Architects angathe kuvomereza kuti miyezi yotere iziwerengedwa ngati gawo la maphunziro a pantchito, monga amawerengera miyezi yokhala mu ofesi ku Rhodes Park.