Kompyuta ya Linux njotchipa pogula, koma idzakudyerani mpamba

Anzathu oyenda ulendo wa Joni ndi Dar, ndi inu madalaivala amene mumaodako katundu wapambali, tamverani nkhani ya makompyuta a patebulo amene mulibe Windows, muli Linux. Wogulitsa adzakuuzani kuti pulogalamuyi njaulere ndipo mavairasi salowa chisawawa. Ife tinamvera, tinatenga makina asanu, kudutsa nawo Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza, msonkho kulipira wonse. Mwezi usanathe, atatu anabwezedwa.

Makina otere achuluka chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imakana makina ambiri akale, makamaka opanda kachipangizo kotchedwa TPM 2.0. Ndiye ogulitsa ena amangoikamo Ubuntu kapena Linux Mint, kupukuta fumbi, basi katundu wapita.

Sitikunyoza Linux ayi. Anaiyambitsa Linus Torvalds ku Finland mu 1991, ndipo Ubuntu anaibweretsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004. Ndi imene imayendetsa makina ambiri osunga mawebusaiti, ngakhale Android ya m'mafoni athu inamangidwa pa Linux yomweyo. Koma kasitomala wathu si injiniya. Ndi mayi wa kabizinesi kotayipa ndi kusindikiza makalata, ndi mwini hardware wofuna kulemba ma invoice, ndi sukulu ya pulaiveti.

Choyamba, Word ndi Excel zimene anazolowera sizilowa. Muli LibreOffice, imene imatseguladi mafayilo a Word, koma nthawi zina mizere imasuntha, zilembo n'kusintha, invoice ya tsamba limodzi n'kutuluka masamba awiri. Nanga clearing agent akukudikirani pa boda, inu mukulimbana ndi tebulo lokhota?

Chachiwiri, CorelDRAW ndi Photoshop, zimene opanga makadi a ukwati ndi zikwangwani amadyera, zilibe mtundu wa Linux. Sage Pastel yowerengetsera ndalama inapangidwira Windows. Akatswiri adzati pali njira yozembera yotchedwa Wine. Ilipodi, koma lero igwira, mawa ikana, ndipo bizinesi siyenda pa mwayi.

Chachitatu ndi printer ndi scanner. Zina zimagwira mukangolumikiza, zina zimangokhala duu, kapena printer igwira koma scanner ayi. Mmodzi mwa makasitomala athu anatibwezera makina pa chifukwa chimenechi basi.

Chachinayi ndiye chopweteka kwambiri: ikavuta, mupita kwa ndani? Mwa okonza makompyuta amene tinawayendera, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafuna kuigwira. Onse yankho linali limodzi: "Tiifufute tiikemo Windows." Ndipo Windows yakeyo kawirikawiri imakhala yakuba, yopanda laisensi. Mukafunsa pa intaneti, akuuzani kuti mutsegule kabokosi kakuda mulembe malamulo a Chingerezi oyamba ndi "sudo". Mayi wotayipa makalata uja azichita zimenezo anthu ali pamzere?

Amene amatamanda Linux amati muphunzire, sizovuta. Iwo nthawi ali nayo. Ife tsiku limodzi lopanda malonda ndi lendi ya shopu imene yapita, ndipo kasitomala akakhumudwa sanena kuti Ubuntu njovuta, amati uje amagulitsa zinthu zakufa.

Safunsa anadya phula. Musanapereke ndalama, uzani wogulitsa ayatse makinawo muone nokha chimene chilimo. Ngati ndi Windows, lowani mu Settings muone ngati ili activated, ndipo funsani ngati makinawo angalandire Windows 11. Ngati ndi Linux, werengerani mtengo wa laisensi ya Windows pamwamba pake, muone ngati akadali otchipa. Mukawatengabe, muuzeni kasitomala chilungamo asanalipire. Amene akuifuna Linux akuidziwa kale ndipo adzaitchula yekha. Ena onsewo musawayeserepo.