Mafuta a thiransifoma akatayika, mlimi asangoyang'ana

Akuba akathyola thiransifoma ya ZESCO ku Kanyama, George kapena Chawama kuti atengemo mkuwa, anthu amadandaula za mdima. Ife alimi tiyenera kuda nkhawa kwambiri ndi mafuta amene amatayikira pansi.

Mbali yaikulu ya Lusaka ili pathanthwe la laimu lodzala ndi ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Chotayika pamtunda sichichedwa kufika m'zitsime zosaya. Chotsala mvula imachikokolola m'ngalande mpaka ku mitsinje monga Chunga ndi Ngwerere, kumene anzathu amathirira repu ndi tomato.

Mafuta a m'mathiransifoma ena akale ali ndi mankhwala otchedwa PCB. Mankhwalawa saola msanga: amakhala m'matope zaka zambiri, nadziunjika m'nsomba, m'mazira ndi mumkaka. Mu 1999, ku Belgium, mafuta otere analowa m'chakudya cha ziweto, ndipo nkhuku ndi mazira osawerengeka anatayidwa. Pongoona ndi maso, palibe angasiyanitse mafuta oopsawa ndi anzake.

N'chifukwa chake kuthira madzi ndi sopo kuti mafuta achoke pakhomo ndi kulakwa. Kumeneko si kuyeretsa ayi, koma kutumiza tsoka kwa mnansi wa kumunsi.

Choyenera ndi ichi. Musayandikire thiransifomayo, pakuti ingakhale ikadali ndi magetsi. Dziwitsani ZESCO ndi bungwe losamala chilengedwe la ZEMA nthawi yomweyo. Muli chapatali, tsekani njira yolowera m'ngalande ndi matumba a mchenga, ndipo pomwe mafuta afika thiranipo utuchi kapena dothi louma, mutavala majombo ndi magolovesi. Zonyowazo musazitenthe, popeza utsi wake ndi poizoni. Musazikwirirenso kapena kuziponya pamanyowa. Zisiyireni akatswiri. Ana ndi ziweto asafikepo, ndipo chitsime chapafupi chitsekedwe kufikira madzi ake atapimidwa.

Palinso mlandu wathu. Mafuta otchipa osadziwika kochokera, amene ena amapaka mitengo ya khola poopa chiswe kapena nkhumba za mphere, tisamagule. Wakuba amalimba mtima chifukwa wogula alipo.

Akulu anati madzi akatayika saoleka. Mafuta akalowa m'chitsime saolekanso. Thiransifoma ina idzabwera, magetsi n'kuyakanso, koma dimba loipitsidwa palibe adzatibwezere.