Julius Caesar adafa asadalaweko tomato

M'mwezi wa December chaka cha 2017, akuluakulu a bungwe la UNESCO atakumana ku Jeju m'dziko la South Korea adalemba m'kaundula wa miyambo yofunika kuisunga zinthu ziwiri za kukhitchini: luso la ophika pizza a mumzinda wa Naples ku Italy, ndi nsima yathu ya kuno ku Malawi. Ulemu umenewu ngoyenera ndithu. Koma tisanamizane abale anzanga, tomato wa pa pizza ndi chimanga cha nsima n'zobwera zonse. Zidachokera ku America, ndipo zidayamba kuwoloka nyanja Columbus atafika kumeneko mu 1492.

Ndiye kuti Julius Caesar, amene adaphedwa mu 44 BC, adafa asadalaweko tomato, mbatatesi kapena tsabola wa piripiri. Nanga Aroma ankadya chiyani?

Ankadya phala lolimba lotchedwa puls, lophikidwa ndi mtundu wina wa tirigu. Mlembi wawo Pliny adalemba kuti mpaka cha m'ma 171 BC mu Rome mudalibe ophika buledi wogulitsa, ntchito imeneyi idali ya amayi pakhomo. Cato, m'buku lake la zaulimi la cha m'ma 160 BC, adatamanda kabichi ngati mankhwala a nthenda zambirimbiri, ndipo adasiya kaphikidwe ka chikondamoyo chotchedwa libum: tchizi, ufa ndi dzira limodzi, kuika pamasamba, kuvundikira ndi mbiya yotentha. Basi. M'malo mwa mchere ankakonda kuthira garum, msuzi wa nsomba zimene ankaziunjika ndi mchere n'kuzisiya padzuwa mpaka zitasungunuka. Musanyansidwe, inu amene mumanyambita zala mukadya utaka wouma.

Masiku ano kuli anthu amene amayesa kuphika zakudya zimenezi m'nyumba zawo potsata buku lodziwika ndi dzina la Apicius. Ntchito njabwino, koma asamanene kuti akudya zenizeni za Aroma. Bukulo kawirikawiri silinena muyeso, wophika amangoyerekeza. Chokometsera ndiwo chimene Aroma ankachikonda kwambiri, silphium, chidatheratu kalekale, mwakuti Pliny adati phesi limodzi lokha limene lidapezeka m'masiku ake adalitumiza kwa mfumu Nero. Komanso bukulo n'la anthu andalama, odya mbalame ya flamingo. Amphawi ambiri a mumzinda ankakhala m'tizipinda topanda khitchini n'kumagula chakudya chophikaphika m'mbali mwa msewu, ngati pa chiwaya. Ku Pompeii, mzinda umene udakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius mu 79 AD, malo ogulitsirapo chakudya aja akuonekabe mpaka lero.

Ataliyana a lero nawo amakangana zedi pa nkhani ya mwambo. Ukathira kirimu mu carbonara, ati watukwana makolo. Makolo ake ati? M'buku lotchuka la zophikaphika la Pellegrino Artusi la mu 1891 carbonara mulibemo, kaphikidwe kake kadayamba kuoneka m'zolembedwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Ngakhale msuzi wa tomato udayamba kulembedwa m'buku ku Naples m'zaka za m'ma 1690.

Ine ndikuona kuti chotengapo pa kaphikidwe ka pakhomo ka ku Italy n'chimene iwo amachitcha cucina povera, kuphika kwa amphawi. Ku Tuscany buledi wogona sataya, amamuwiritsa pamodzi ndi nyemba ndi masamba n'kukhala ribollita. Nyemba ndi pasta m'poto mmodzi ndi chakudya chokwanira, ndipo mlendo akapatsidwa sanena kuti wanyozedwa.

Koma pali polenta, nsima ya chimanga ya kumpoto kwa Italy, ndipo apa m'pofunika kutchera khutu. Alimi osauka a ku Veneto ndi Lombardy ataona kuti chimanga chikubereka bwino ndipo n'chotsika mtengo, adayamba kudya polenta m'mawa, masana ndi madzulo, ndiwo zake zosaoneka. Mimba inkakhuta koma khungu linkasenda, anthu ankatsekula m'mimba, ena mutu n'kusokonekera. Nthendayi ndi pellagra, dzina la Chitaliyana lotanthauza khungu lokhakhala, ndipo imabwera thupi likasowa vitamini wotchedwa niacin. Idavuta mpaka boma la Italy lidakhazikitsa lamulo lolimbana nayo mu 1902, koma idatha kwenikweni pamene alimi adayamba kupeza zakudya zina.

Wina asati izi n'za azungu. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique adadwala pellagra m'misasa ya kuno ku Malawi, mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Ufa udalipo. Komabe mpaka lero munthu adye mbatata, nyemba, chinangwa ndi nthochi, madzulo amvekere, "lero sindinadye." Ndipo ufa umene timaulemekeza ndi woyera uja wokonola, mgaiwa timauyesa wa osauka ndi akaidi.

Eni ake chimanga, anthu a ku Mexico, pellagra sinkawavuta, chifukwa asanapere chimanga ankayamba achiwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa, zimene zimamasula niacin uja. Amalonda adanyamula mbewu yokha kupita nayo ku Ulaya ndi kuno ku Africa, nzeru ya phulusa adaisiya komweko.