Dothi ndilo lisankhe makina okumbira maenje

Anthu ambiri a ku Kawale, Chinsapo ndi Area 25 akugula malo kunja kwa mzinda wa Lilongwe kuti amange makola, atchinge minda ndi waya kapena adzale mitengo ya zipatso. Poona izi, amalonda ena akuganiza zogula makina okumbira maenje omangirira kumbuyo kwa thirakitala kuti azichititsa hayala. Ganizo ndi labwino, koma ambiri amathamangira kufunsa mtengo, pomwe funso loyamba liyenera kukhala la dothi.

Makina otsikirapo mtengo amazunguzidwa ndi shafuti ya thirakitala yotchedwa PTO, yomwe kawirikawiri imazungulira ka 540 pa mphindi. Vuto lake ndi lakuti sazungulira chobwerera. Chitsulo chopotacho chikakanirira pansi, ntchito imaima mpaka anthu achifukule ndi manja.

Pa katondo wofiira, yemwe ndi wochuluka m'chigawo chapakati, makina oterewa ndi okwanira, makamaka mu April ndi May nthaka ikadali ndi chinyontho. Pofika October katondo yemweyo amauma gwa, ndipo mano a chitsulocho amatha msanga.

Makande a m'madambo ndi nkhani ina. Akanyowa amamatirira, ndipo woyendetsa amayenera kutukula chitsulo pafupipafupi. Apa ndi pomwe makina a hydraulic, ngakhale ndi odula, amabweza ndalama, chifukwa akagwidwa amazungulira chobwerera n'kutuluka. Pa mchenga kukumba sikuvuta, koma dzenje limagumukira mkati, choncho mzati uzikidwe nthawi yomweyo.

Pa nsangalabwi ndi miyala pamafunika mano a carbide, giyabokosi yolimba ndi bawuti yotetezera, yomwe inapangidwa kuti izithyoka chitsulo chikagunda mwala. Wosintha bawutiyi ndi ina yolimba kwambiri amapulumutsa ndalama zochepa n'kuphwanya giyabokosi. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja, ina ingatenge nthawi yaitali kuti ipezeke.

Kukula kwa chitsulo nakonso n'kofunika. Cha mainchesi 9 chimakwanira mapolo a bulugamu a mpanda, pomwe mizati ya pangodya ndi mbande za mitengo zimafuna mainchesi 12 kapena kuposerapo, komanso thirakitala yamphamvu.

M'makwalala opanikizika ngati a ku Mgona, thirakitala ilibe potembenukira, ndipo mapaipi a madzi amadutsa pafupi ndi pamwamba. Kumeneko kamakina ka petulo kogwira pamanja, kapena aganyu a piki ndi fosholo, ndi omwe ali ndi phindu. Kulikonse, ana akhale patali, pakuti shafuti yozungulira imakola chitenje kapena malaya m'kuphethira kwa diso.

Asanatulutse ndalama, wogula akumbe maenje atatu oyesera m'dera lomwe akufuna kugwirako ntchito, kenaka afunse wogulitsa ngati mano ndi mabawuti a makinawo amapezeka m'sitolo mwake. Wogulitsayo akayamba kukanda m'mutu, ndalamazo zibwerere m'thumba.